Cholakwika cha Lero

Pasukulu paja panalibe mwana amene ankatchula dzina lenileni la mphunzitsi wamkulu wa masamu. Onse ankangoti a Pezani, kuyambira a hedi mpaka amayi ogulitsa mabanzi pageti. Mkazi wawo yemwe akatopa nawo ankati, "Inu a Pezani inu, nsapato zanuzo pezani nokha."

Dzinali linachokera m'kalasi. Tsiku lililonse akamalemba samu pabolodi ankalakwitsa dala pamalo amodzi. Pena ankasiya nambala, pena ankatembenuza chizindikiro, ndipo nkhope imakhala ili gwa, osaphethira n'komwe. Akamaliza ankaponya choko m'thumba la malaya, kupukuta zala pathalauzi, n'kunena liwu limodzi lokha: "Pezani." Apo kalasi yonse imaweramira kutsogolo. Wopeza cholakwikacho ankapatsidwa choko kuti akakonze yekha. Onse akagwa nayo, belu limatha kulira mpaka kutopa koma palibe ankanyamuka, kufikira a Pezani atazunguliza malowo ndi choko n'kulemba choona pambali. Lamulo lawo linali lakuti mwana asatuluke pakhomo paja ndi bodza m'mutu. Ndiye ana onse ankadziwa kuti chilichonse chimene chatsala pabolodi chosazungulizidwa, chimenecho n'choona.

A Pezani nawonso anaphunzira m'chipinda chomwecho, chakumapeto kwa mdadada, kumene mtengo waukulu umaphimba mawindo moti ngakhale masana mumakhala kamdima. Ali mwana anali wouma mutu wotheratu. Masamu ankawaopa kuposa galu wolusa, ndipo ankakhala kumbuyo kwenikweni, kubisala kuseri kwa mitu ya anzawo. Mphunzitsi wawo anali bambo wamtali wosaseka, wosavula chipewa ngakhale m'kalasi, moti ana ankangomutchula kuti a Chipewa. Tsiku lina a Chipewa analemba pabolodi kuti 7 kuchulukitsa ndi 8 ndi 54. Ana anzeru onse anakopera osafunsa. Wouma mutu uja ndi amene anaona, poti iye samu iliyonse ankaiwerenga ndi zala pansi pa desiki. Anakweza dzanja, akudziwa kuti chikwapu chamupeza basi. A Chipewa anayang'ana bolodi nthawi yaitali, kenako anayenda mpaka kumbuyo n'kumuika choko m'manja.

Kachoko kameneko ndi kamene kanawapanga mphunzitsi. Kunyumba ankafuna kuti akaphunzire zokonza magalimoto kwa amalume awo, iwo anakana. Atamaliza maphunziro a uphunzitsi anapempha kubwerera pasukulu yomweyo, ndipo chaka ndi chaka ankadzisankhira kalasi ya ana ongofika kumene, ija aphunzitsi ena amaithawa chifukwa cha phokoso. Ankati m'mera mpoyamba. Anakalambira m'chipinda chija, tsitsi n'kuyera ngati laviikidwa m'fumbi la choko, ndipo ana a ana amene anawaphunzitsa anayamba kukhala pa madesiki omwewo.

Mbiri yawo inafika kutali. Kukakhala msonkhano wa aphunzitsi a masamu ankawaitana kuti akaonetse njira yawo. Misonkhano imeneyi mukuidziwa inu. Theka la anthu limabwerera zakumwa ndi mabisiketi, ena amangogwedeza mutu uku akusinza, n'kubwerera kwawo kukapitiriza kukopetsa ana ngati makina. A Pezani zimenezi zinkawapweteka mtima, koma sankajomba. Ankakhala kutsogolo ndi cholembera, kufunsa mafunso kwa achinyamata ongotuluka kukoleji mpaka achinyamatawo kutuluka thukuta. Akamabwerera ankakhala atatolako kanthu kamodzi katsopano, n'kukayesa pa ana m'mawa mwake.

Chaka chimene tikunenachi, a hedi anawapatsa mphunzitsi watsopano kuti amulere pantchito. Anali mtsikana wochepa thupi, wa mawu apansipansi, wodziwa masamu bwino koma woopa ana. Akaima kutsogolo ankalankhula ndi bolodi, ana n'kumaona msana wokha. A Pezani ankamutchula kuti madamu monga ankachitira ana, iye n'kumawatchula kuti bambo. Anamuika pa benchi yakumbuyo kuti azionerera, ndipo akaweruka ankakhala naye m'chipinda chija n'kumamuphunzitsa ngakhale kagwiridwe ka choko.

"Madamu, vuto lanu n'lakuti mumaopa kulakwitsa pamaso pa ana," anamuuza tsiku lina. "Mwana akaona kuti mphunzitsi salakwa, amasiya kuganiza. Amangomeza."

"Nanga akandiseka, bambo?"

"Aziseka. Woseka ndiye kuti ali maso."

Zachilendo zinayamba m'nyengo ya mvula. Bolodi la m'chipinda chija linali lakalekale, lopakidwa utoto wakuda pamwamba pa utoto wina kosawerengeka, ndipo kukachita chinyezi zolemba zakale zinkatulukira pansi pa utotowo, zotuwa, zosawerengeka bwino. Ana ankati bolodi likutuluka thukuta. A Pezani anali atazizolowera zimenezi, koma chaka chimenecho anayamba kumaziyang'anitsitsa. Pakona yakumanzere pankaoneka seveni wokhala ndi kamzere kodula pakati. Iwo seveni sankalemba choncho. Ankalemba choncho ndi a Chipewa, amene anali atagona kumanda kalekale.

M'mawa wina analemba samu, kubisa cholakwika chawo pamzere wachitatu, n'kunena kuti pezani. Mnyamata wina anachipeza msanga, anakonza, anzake anamuombera m'manja. A Pezani anatenga dasitala kuti afufute. Pamenepo kamtsikana kakutsogolo, kovala magalasi omanga ndi ulusi, kamene anzake ankakatchula kuti Kamagalasi, kanakweza dzanja.

"Sala," kanawaitana monga ana amaitanira aphunzitsi aamuna, "palinso china. Pamzere womaliza."

Anatembenuka. Chinalipodi. Pamene panayenera kukhala sikisi panali naini, wolembedwa bwinobwino, ndi dzanja lawo. Sanakumbukire kuti anamulemba. Thupi linachita tsembwe kuyambira m'khosi mpaka m'miyendo, ngati munthu waima kumbuyo kwawo n'kuwapumira.

"Wachita bwino," anatero akuseka. "Lero ndinaika ziwiri kuti ndione ogona."

Ana anakondwa. Madamu yekha, kumbuyo kuja, sanaseke. Anangoweramitsa mutu.

Zinabwerezanso sabata yomweyo, kenako zinayamba kuchuluka. Iwo ankabisa chimodzi, ana n'kupeza ziwiri, pena zitatu. Anawo ankangoti sala awonjezera moto, ndipo ankapikisana kuposa kale. Koma mwini wake ankadziwa kuti pali dzanja lina limene likulemba nawo. Anayamba kulemba pang'onopang'ono, maso ali pa zala, kuti aligwire dzanjalo likamachita zake. Sanaligwirepo. Nambala imatuluka yabwinobwino akuiona, koma akabwerera m'mbuyo n'kuyang'ananso, imakhala ina.

Tsiku lina atafika m'mawa anapeza bolodi lonse lodzaza ndi masamu, kuchokera pamwamba mpaka pansi. Kalembedwe kanali kawo, kopendekera kumanja, koma maseveni onse anali ndi kamzere pakati. Anaima pakhomo chikwama chili m'manja, osalowa. Madamu anawapeza ali chomwecho.

"Walemba izi ndani?" anafunsa a Pezani.

Mtsikanayo anawayang'ana, n'kuyang'ana bolodi. "Ndi inu, bambo. Dzulo titaweruka. Ndinakutsanzikani mukulemba, munandiyankha."

"Ndinati chiyani?"

"Munati ndipite, inu mukudikira aphunzitsi."

Sanafunse kuti aphunzitsi ati. Anafufuta bolodi lonse okha, mwamphamvu, mpaka fumbi kuwatsokomoletsa. Akufufuta anakumbukira chinthu chimene kwa zaka zonsezi sankachiika pamodzi ndi nkhani ya choko ija. Chaka chotsatira a Chipewa atalemba 54, anasiya ntchito mwakachetechete. Patapita nthawi anthu ankawapeza pamsika, chipewa chili kumutu, akufunsa tiana njira yopita kunyumba kwawo. Moyo wawo wonse a Pezani ankafotokoza tsiku lija ngati tsiku la mwayi. Tsopano anaona kuti mwina bambo uja anayang'ana bolodi nthawi yaitali chifukwa nayenso sankadziwa kuti walemba ndani.

Anachita mantha, mantha enieni, a munthu wamkulu amene alibe womuuza. Ntchito sankaidandaula kwambiri, zaka zopuma zinali zitayandikira kale. Chimene chinkawadya chinali chimodzi: tsiku lina dzanja lija lidzalemba bodza limene ana sadzaligwira, iwonso sadzaliona, ndipo belu lidzalira.

Kunyumba mkazi wawo anali ataona kale. Anapeza choko m'chitini cha shuga, ndipo Lamulungu lina bambowo anavala tayi n'kunyamula chikwama kuti akupita kusukulu.

"Bambo, tiyeni kuchipatala," anatero akuwalanda chikwamacho. "Chakudza sichiimba ng'oma."

"Ndatopa chabe. Teremu ikatha tipita."

"Mmesa teremu yatha munanenanso zomwezo?"

 Sanakumbukire kuti anakambiranapo zimenezi.

Pakati pa teremu kunabwera uthenga woti aphunzitsi atsopano akachite maphunziro a sabata imodzi kutali ndi sukulu. Dzina la madamu analipereka ndi a Pezani eni ake miyezi yapitayo. Koma tsiku lonyamuka litayandikira, mtsikanayo anayamba kuzengereza.

"Bambo, ndikhoza kudzapita ulendo wina. Ndikhale nanu m'kalasi."

"Kuti muzindilondera?"

"Ayi, bambo. Kungoti..."

"Madamu, ine ndinayamba kugwira choko inu musanabadwe. Pitani mukaphunzire, mudzatigawireko."

Mawuwo anatuluka olimba kuposa mmene ankafunira, ndipo mtsikanayo anapita. Kunyada n'koipa, abale. Munthu yemweyo amene ankaphunzitsa anzake kuti kulakwa pamaso pa ana si manyazi, analephera kuuza mwana amene ankamulera yekha kuti usandisiye.

Sabata imeneyo anayamba mutu watsopano, wa manambala okhala ndi mayinasi kutsogolo, aja ochepera pa ziro. Ana anali asanauonepo, ndipo mabuku a kalasi imeneyo anali ochepa, otsekeredwa mu ofesi. A Pezani anaona kuti sabatayo yayenda bwino zedi. Mutu unali wopepuka, ana ankayankha mokweza, ndipo tsiku lililonse cholakwika chimapezeka chimodzi chokha. Anayamba kukhulupirira kuti kunali kutopa basi.

Madamu anabwerera Lolemba. Kunja kunali kutachita mdima wa mvula, mitambo yakuda bii, ndipo magetsi anali atazima. M'chipinda chija nkhope za ana zinkangooneka mbuu, maso okha. Bolodi linali litanyowa, zolemba zakale zitatulukira ponseponse. Mtsikanayo anakhala pa benchi yake yakumbuyo, ndipo a Pezani, mtima uli m'malo, anafuna kumuonetsa kuti nyumba sinagwe iye kulibe.

"Auzeni madamu zimene taphunzira. Pulasi kuchulukitsa ndi pulasi?"

"Yankho ndi pulasi," anayankha onse pamodzi.

"Pulasi kuchulukitsa ndi mayinasi?"

"Yankho ndi mayinasi."

"Tsopano lamulo lalikulu lija. Nenani lonse."

Ana anakoka mpweya nthawi imodzi. Ananena pang'onopang'ono, mokoka mawu, mmene a Pezani ankanenera. "Mayinasi kuchulukitsa ndi mayinasi..." Apa kalasi yonse inaima kaye, ndipo ena anakonza kukhosi, kakutsokomola kaja a Pezani ankachita asananene chinthu chofunika. Sankawanyoza ayi, anangomeza zonse pamodzi. "...yankho ndi mayinasi."

A Pezani anamva mawu awo omwe akutuluka m'kamwa mwa ana onsewo, ndipo anagwedeza mutu mokhutira. Kenako anaona madamu. Mtsikanayo anali ataimirira, dzanja lili pakamwa.

 Mvula inali isanayambe, koma mtengo uja unkakhula nthambi zake pamalata.

"Bwerezani," anatero a Pezani, mawu atatsika.

Anabwereza, ndi kakutsokomola komwe.

"Anakuphunzitsani zimenezi ndani?"

Ana anayang'anana. Anayankha ndi Kamagalasi. "Inu, sala. Lachitatu."

"Panalibe amene anaona chachilendo?"

Kamtsikanako kanakonza magalasi ake. "Ine ndinakayikira, sala. Mkulu wanga kunyumba anandiuzapo kuti ndi pulasi. Ndiye ndinkati mwina ndi cholakwika cha tsikulo. Koma cha tsikulo tinachipeza china, tinakonza. Belu litalira tinakhalabe, kudikira ngati muzungulize ichinso." Kanaloza bolodi. "Simunazungulize. Munangotiuza kuti tizipita. Ndiye ndinakamuuza mkulu wanga kuti iyeyo ndi amene akulakwa."

Chimene ankachiopa chija chinali chitachitika kale, masiku apitawo, iwo akuyenda monyadira. Ana onsewa anatuluka pakhomo paja ndi bodza, analigoneka m'mutu, ena analiphunzitsanso abale awo. Ndipo analikhulupirira chifukwa cha lamulo lomwe lija limene iwo analimanga ndi manja awo.

"Chabwino," anatero. "Tikonza pompano."

Anatulutsa choko m'thumba n'kutembenukira ku bolodi. Samu imeneyi anali ataifotokoza moyo wawo wonse, anali ndi njira zake zingapo zoonetsera chifukwa chake yankho limakhala lotero. Analemba mayinasi thuu. Analemba chizindikiro chochulukitsa. Analemba mayinasi fili, n'kuika timizere tiwiri ta yankho. Choko chinaima pamenepo.

Sikisi ankamuona. Koma kutsogolo kwa sikisiyo kumabwera chiyani? Nkhope ya madamu inali itawauza kuti ana alakwa, choncho yankho liyenera kukhala pulasi. Koma atafufuza m'mutu mwawo kuti apeze chifukwa chake, anapezamo mbee, ngati chipinda chimene anthu asamukamo. Munkangomveka mawu a ana aja, otsimikiza, okoma, onena kuti mayinasi. Ndipo mawuwo ankamveka oona. Dzanja linayamba kukokera lokha ku bolodi, likufuna kulemba kamzere kamodzi kogona. Analigwira ndi dzanja linalo.

Anaima choncho nthawi yaitali, msana uli kwa ana. Palibe anatsokomola, palibe anasuntha phazi. Ana ankadikira liwu lija la masiku onse, loti pezani.

A Pezani anatembenuka. Anayenda pakati pa madesiki mpaka kumbuyo n'kuima pamaso pa mtsikana uja.

"Madamu, pitani kutsogolo. Auzeni choona."

"Bambo, mwina mupume kaye, kenako inuyo..."

"Pitani, mwanangu. Inenso ndimve nawo."

Ananena motsitsa, koma mtsikanayo anamva zonse zimene zinali m'mawuwo. Maso ake anadzaza misozi. Analandira choko, ndipo a Pezani anakhala pa benchi paja, mawondo atagunda desiki.

Madamu sanalankhule ndi bolodi tsiku limenelo. Anayang'ana ana m'maso, mawu akunjenjemera poyamba, kenako n'kulimba. Anayamba ndi samu zimene anawo ankazidziwa kale, kutsika nazo mzere ndi mzere, kuwafunsa kuti akuona chiyani, mpaka yankho linatulukira lokha pansi pa bolodi: pulasi sikisi. Anafotokoza bwino, mwina kuposa mmene mphunzitsi wake akanachitira. A Pezani anatsatira mzere woyamba ndi wachiwiri. Pa wachitatu anasochera, ndipo manambala anangokhala timizere toyera pakhoma lakuda.

Belu linalira. Palibe mwana ananyamuka.

"Mwamva?" anafunsa madamu. "Mayinasi kuchulukitsa ndi mayinasi, yankho ndi pulasi. Mukhoza kupita."

Sanapite. M'malo mwake mitu yonse inatembenuka pang'onopang'ono, mzere ndi mzere, kuyang'ana kumbuyo. Mumdima muja a Pezani anaona maso okhaokha ali pa iwo. Anawo ankaganiza kuti awa ndi masewera atsopano, kuti mwina madamu atumidwa kudzawayesa, ndipo sala adzuka tsopano n'kukazunguliza pulasi uja.

"Sala," anatero Kamagalasi, "ndi zoona zimene akunena madamuzi?"

A Pezani anayang'ana bolodi komaliza, kulipempha kuti liwatsegukire ngakhale pang'ono. Silinatero. Sakanatha kulumbira kuti pulasiyo ndi woona. Chimene ankadziwa n'chakuti mtsikana wagwira chokoyo anamuphunzitsa okha, ndipo mutu wake unali wamoyo.

"Ndi zoona," anatero. "Fufutani zimene ndinakuuzani Lachitatu. Ndinalakwitsa, ndipo sindinachite dala."

Kenako a Pezani analoza kutsogolo.

"Kuyambira lero, belu likalira muziyang'ana kwa madamu. Ine musamandidikirenso."

Anayamba kutuluka mmodzimmodzi, mwakachetechete, ngati akuchoka m'chipinda cha wodwala. Kamagalasi anatsalira pakhomo, akukanda chitseko ndi chala.

"Nanga zina zija munatiphunzitsa sabata yatha, sala? Za Lolemba, za Lachinayi?"

A Pezani anatsegula pakamwa, koma amene anayankha ndi madamu.

"Mawa tiyambiranso pa Lolemba," anatero. "Ubwere ndi mkulu wako uja akakhala ndi mpata, udzamupepese."

Kamtsikanako kanathamanga. Mvula inayamba kugwa pamalata, ndipo a Pezani anakhalabe pa benchi paja, manja ali pa desiki, kudikira kuti mphunzitsi awauze kuti akhoza kupita.